Chikomekome cha Mkuyu pa Dziwe Laling'ono

Akuluakulu akamati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, amachenjeza wakudya. Amauza mwana kuti asathamangire nkhuyu chifukwa yafiira bwino, ayambe waing'amba aone m'kati. Koma alipo anthu ena amene mwambiwu amaumvera mbali inayo. Iwo si odya nkhuyu, ndi oiumba. Ntchito yawo ndi kukonza chikomekomecho ndi manja, kuchipaka fungo, kubisamo nyerere yachitsulo, n'kuchiponya m'madzi. Anthuwa ndi owedza nsomba yotchedwa carp, ndipo mumzinda wa Cape Town alimo ambiri.

Mukalowa m'sitolo yogulitsa zowedzera mupeza khoma lonse ladzaza timabotolo, tina tofiira, tina tachikasu, tina tobiriwira. Pa kabotolo kalikonse palembedwa fungo lake: nthochi, chinanazi, pichesi, uchi, adyo, sinamoni, nkhanu, chiwindi. Tilipo tina tonunkhira Vicks, tina TCP, mankhwala aja otsukira pabala. Owedza a kuno timadziti amatitchula kuti muti, ndipo munthu akapeza kasakanizidwe kamene kamugwirira nsomba amakabisa, ngakhale kwa mlamu wake. Mmalawi amene anakula akukumba nyongolotsi kuseri kwa bafa, kapena kumata kansima pa mbedza, amayamba waima kaye pakhomalo. Funso limene limamufikira n'lakuti, kodi nsomba inaidziwira kuti nthochi?

Carp si nsomba ya kuno, komanso si ya kwathu. Kwawo kwenikweni ndi ku mitsinje ya kum'mawa kwa Ulaya ndi ku Asia, monga mtsinje wa Danube. Komabe kwa ife si mlendo kotheratu, pakuti ndi mbale wa ntchila, mpasa, matemba ndi usipa. Onsewa ndi banja limodzi. Carp ili ndi thupi lojintcha, mamba akuluakulu, ndevu zinayi, ndi kamwa lotha kutambasuka n'kuloza pansi. Inafika ku Cape mu 1859 kuchokera ku England, ndipo m'zaka za m'ma 1890 inalowanso pa malo oswetsera nsomba a ku Jonkershoek, pafupi ndi Stellenbosch, kumene nsomba zobwera zinkachokera popita m'madamu a dziko lino. Lero ili ponseponse. Ili ku Zeekoevlei ndi ku Princess Vlei, ku Zandvlei pafupi ndi Muizenberg, ku Rietvlei chakumpoto, m'madamu akuluakulu a Theewaterskloof ndi Voëlvlei, ndiponso m'timadamu ta m'mafamu a mphesa a ku Durbanville, Stellenbosch ndi Paarl, mmene eni ake anaiikamo dala, ena mwa iwo n'kumalipiritsa pageti munthu wofuna kuwedza tsiku lonse.

Nsombayi imadya mutu uli pansi, mchira uli m'mwamba. Imayamwa matope, n'kusankhira m'kamwa momwemo timphutsi tofiira, tinkhono, njere ndi timizu, zotsalazo n'kulavula. M'matopemo maso sathandiza kwenikweni. Chimene chimaitsogolera ndi mphuno ndi kulawa. Ife timalawa ndi lilime, koma carp imalawa ndi ndevu, ndi milomo, ndi denga la m'kamwa, ngakhale ndi khungu la pa zipsepse. Mano ake ali kummero, olimba moti amaphwanya chigoba cha nkhono, ndipo chinthu chisanafike pa manowo chimakhala chayesedwa kale kangapo. Chimene imafunafuna si fungo la nthochi monga timalimvera ife. Fungo lathu limayenda mumpweya, pamene la nsomba liyenera kusungunuka m'madzi. Akatswiri anapeza kalekale kuti zimene zimadzutsa njala ya nsomba za mtunduwu ndi timadzi totuluka m'thupi la chamoyo, makamaka ma amino acid, amene nyongolotsi kapena nkhono imatulutsa yokha. N'chifukwa chake nyongolotsi wamba mpaka lero imagwira carp ku Princess Vlei popanda thandizo la kabotolo. Ena mwa mankhwala opangira fungo la nthochi amasungunukadi m'madzi ndipo nsomba imawamva, koma chimene imamva ndi chachilendo chimene chasintha kakomedwe ka madzi pamalopo. Imabwera kudzaona. Dzina lakuti nthochi analembera mphuno ya wogula.

Kawedzedwe kofala m'dziko muno amakatcha papgooi, kapena titi kuponya nsima. Taonani munthu amene wakalamba nayo ntchitoyi, m'mawa wa Loweruka. Amatsanulira m'ndowa chimanga chogaya mwamisere chosakaniza ndi mbuliwuli zopera, n'kumathiramo madzi a m'damu momwemo pang'onopang'ono, kwinaku akufikisa ndi zala. Akafinya m'dzanja n'kugwirana, koma akadinikiza ndi chala n'kumwazika, ndiye kuti zafikapo. Amaumba mpira waukulu ngati dzira la bakha kuzungulira kachitsulo kolemera ka pachingwe. Mpira umenewu ndiwo mieliebom. Pafupi nawo pali timbedza tiwiri, kalikonse ndi kanyambo kake: njere ya chimanga chophika, kapena kanthu kopepuka koyandama kotchedwa floatie, kumbuyo kwake atamatako kaufa kokanda. Akatero amatsegula bokosi la timabotolo. Amadonthezera pampirawo madontho angapo, n'kuviika timbedzato mu kabotolo kena, zala zake n'kusanduka zobiriwira chifukwa cha utoto wa fluorescein umene uli m'mankhwala ambiri otere. Akaponya, ena mpaka mamita 100, mpirawo umakamira n'kuyamba kusungunuka, ndipo pansipo pamafuka kamtambo kobiriwira konunkhira. Ndodo amaigoneka pa choimikira, n'kukoleka pachingwe kanthu kopepuka kolendewera kamene amakatcha wapolisi. Wapolisiyo akalumpha m'mwamba kapena akagwa pansi, ndiye kuti kunsiko kwafika mlendo.

M'zimenezi muli nzeru yeniyeni, ndipo pasakhale woganiza kuti ndikuzinyoza. M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene mvula yozizira ikuvumba mu Cape Town, thupi la carp limazizira pamodzi ndi madzi, ndipo imadya pang'ono n'kuyendanso pang'ono. Mafuta amagwirana m'madzi ozizira, fungo lake osayenda, choncho odziwa amasankha mankhwala opyapyala osungunulidwa mu spiriti. Kukafunda, kuyambira cha m'Novembala, zokhuthala ndi zamafuta zimayamba kugwira, ndipo mwera wa kuno ukaomba masiku otsatizana nsomba zimalondola chakudya chimene mphepoyo ikukankhira ku gombe limodzi. Pamalo a matope akuda onunkha, fungo lamphamvu la adyo limathandiza kuti nyambo isamizidwe ndi kununkhako. Zonsezi anthu anaziphunzira atakhala padzuwa ndi pamvula zaka zambiri. Kukometsera nyambo sikunayambe dzulo. Izaak Walton, m'buku lake la mu 1653 lotchedwa The Compleat Angler, analangiza kale zosakaniza uchi kapena shuga mu nyambo ya carp. Kwathu nakonso wotchera mono sautchera wopanda kanthu, amaikamo madeya kapena mkute wa nsima kuti nsomba zimve.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi munthu amene amakhulupirira kabotolo kuposa maso ake. Waponya, papita mphindi khumi osagwira kanthu, wakoka, wasintha fungo, waponyanso. Wamva kuti mnzake wa kutsidya wagwira ndi sinamoni, wapukuta uchi, wathira sinamoni. Ichi chakoma, icho chakoma, pusi anagwa chagada. Pofika madzulo waponya mafungo osawerengeka pamalo amodzi, madzi avunduka ndi phokoso la mipira ikugwa, ndipo sangathe kudziwa chimene chalakwika chifukwa palibe chimene anachipatsa nthawi. Akagwira imodzi, ulemu wonse umapita kwa kabotolo kamene kanali pambedza nthawi imeneyo, pomwe mwina chasintha n'chakuti dzuwa lapendeka, kapena mphepo yatembenuka, kapena nsombazo zangofika kumene pamalopo. Munthu wotere amandimvetsa chisoni, chifukwa wakhala tsiku lonse pafupi ndi madzi koma madziwo sanawaone.

Pa madzi aakulu cholakwa chotere chimakhululukika. Theewaterskloof ndi damu lalikulu kuposa onse amene amamwetsa Cape Town, ndipo carp za mmenemo zimayenda m'magulu, zambiri zisanalawepo mbedza chibadwire. Gulu lanjala likadutsa pamene pali nyambo yako, ugwira basi. Koma dziwe la pafamu ndi nkhani ina. Ndi maekala awiri kapena atatu, nsomba zake n'zowerengeka, ndipo ndi zomwezo chaka ndi chaka, pakuti carp imatha kukhala ndi moyo zaka 20 ngakhale kupitirira. Owedza a pamalopo amazidziwa ndi zipsera zake, zina anazipatsa maina. Popeza lamulo la malo ambiri otere n'lakuti ukagwira ubweze, nsomba yaikulu iliyonse inakodwapo kale. Apa mpamene pali kusiyana kwa wogulitsa wa pa depoti ya basi ndi wa pagolosale ya m'mudzi. Wa pa depoti angathe kukugulitsa mandasi adzana atawawaza shuga, chifukwa basi ikanyamuka simudzaonananso. Wa m'mudzi sangayerekeze, pakuti mawa m'mawa ogula ake ndi omwewo, ndipo sanaiwale. Dziwe laling'ono ndi mudzi.

Zoti nsomba imakumbukira si nthano ya asodzi. Mu 1970 katswiri wa ku Netherlands, J. J. Beukema, anafalitsa zimene anapeza atawedzetsa carp m'maiwe oyeserera. Nsomba zimene zinali zisanaonepo mbedza zinkagwidwa mosavuta masiku oyamba. Koma imene yakodwapo kamodzi kokha inkavuta kwambiri kuigwiranso, ndipo patapita chaka inali ikadali tcheru.

Amene akufuna kudzionera yekha apite m'bandakucha pa dziwe la madzi oyera, ndodo aisiye m'galimoto, amwaze chimanga chophika chodzaza dzanja m'mphepete mwa bango, akhale pansi osagwedezeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zoyamba kufika ndi zing'onozing'ono, zolimbirana. Kenako pansi pamadzi pamadutsa mthunzi waukulu, ukuyenda mosafulumira. Yaikuluyo siithamangira chakudya. Imadutsa pamwamba pa chimangacho osaima, n'kukazungulira, n'kubweranso. Imakupiza ndi zipsepse, ndipo njere imene sikusuntha mofanana ndi zinzake imaisiya. Ikayamwa imodzi imailavula pomwepo, kuyamwanso, kulavulanso, mofulumira moti diso limavutika kutsata. Ikuyesa kulemera kwake, ikumvera ngati pali chingwe chikukhudza mlomo. Tsono pakati pa njere zonsezo ikanipo imodzi yonyikidwa kwambiri mu mankhwala ofiira onunkhira sitiroberi. Pa dziwe limene anthu awedzapo zaka zambiri, kawirikawiri imeneyo ndi imene imatsala. Nsombayo inaing'ambapo kale nkhuyu yotero, ndipo fungo limene linapangidwa kuti liziitana lasanduka chenjezo.

Angerezi ndiwo anayamba kulimbana ndi vuto limeneli, chifukwa maiwe awo ambiri ndi ang'onoang'ono ndipo owedza ndi ochuluka. Dziwe la Redmire, ku Herefordshire, ndi la maekala atatu okha. Mu 1934 anaikamo ana a carp 50 kuti achepetse zomera zimene zinkatseka dziwelo. Mu Seputembala 1952 Richard Walker anagwiramo carp ya makilogalamu 20, imene inakasungidwa yamoyo ku London Zoo, ndipo nyambo yake inali buledi. Mu 1980 Chris Yates anagwira ina pomwepo, yoposa makilogalamu 23, ndi njere za chimanga chotsekemera. Nsomba ziwiri zimene owedza carp amazikambabe mpaka lero zinagwidwa ndi zakudya za kukhitchini, m'manja mwa anthu amene ankadziwa kuyang'ana madzi.

Pakati pa zaka zimenezo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Fred Wilton, amene ankawedza m'maiwe a ku Kent, anabwera ndi ganizo limene kwa ine ndilo phata la nkhani yonseyi. Ankakhulupirira kuti nsomba imazindikira chakudya chimene chikuipindulitsa m'thupi, ndipo ikachidya kangapo imayamba kuchifunafuna yokha. Anayamba kuumba nyambo ya mapuloteni ochokera ku mkaka ndi mavitamini, kukanda ndi mazira, n'kuwiritsa pang'ono kuti kunja kulimbe, tinsomba ting'onoting'ono tisamathe kunyotsola. Timipira timeneti ndi timene lero timagulitsidwa m'mapaketi ndi dzina lakuti boilie, kuno ku Cape ndi kulikonse. M'maganizo amenewa fungo linali chizindikiro chabe, choti nsomba izidziwira chakudya chabwinocho ikachipezanso. Anthu amatsutsanabe ngati nsomba imathadi kuwerengera phindu la chakudya motero. Koma amene akhala zaka pa dziwe limodzi amagwirizana pa chinthu chimodzi: nyambo ya fungo lokhalokha imagwira msanga n'kufanso msanga, pamene nyambo imene ndi chakudya chenicheni imagwirabe chaka ndi chaka. Amalonda ambiri anatola chizindikirocho n'kusiya chakudyacho, chifukwa fungo ndi utoto n'zotchipa kuposa mapuloteni, ndipo ndi zimene wogula amamva akangotsegula paketi.

Nsomba zitachenjera ndi timipirato, Lenny Middleton ndi Kevin Maddocks, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anaonerera carp ikuyamwa ndi kulavula m'thanki, ndipo anachotsa nyambo pambedza n'kuimangirira ku tsitsi lenileni la munthu, mbedza ili yokha pambali. Nsomba ikayamwa nyamboyo imamva kuti m'kati mulibe kanthu, mbedza n'kutsatira pambuyo. Nyerere inatuluka mu nkhuyu n'kukabisala kumbuyo kwake. Masiku ano m'malo mwa tsitsi amagwiritsa ntchito kaulusi, ndipo kamangidwe kameneka mukapeza pa damu lililonse lolipiritsa.

Tsono munthu wa pa dziwe laling'ono amatani? Chimanga chouma amachiviika tsiku lathunthu n'kuchiwiritsa mpaka chifewe, chifukwa chosaphika chimakafufuma m'mimba mwa nsomba n'kuivulaza. Fungo amathira lochepa, loti mphuno yake ingolimvera patali, podziwa kuti chimene kwa iye ndi kadontho kwa nsomba ndi mfuu. Amasankha limodzi n'kukhala nalo. Kenako amadyetsa pamalo amodzi, pang'onopang'ono, masiku angapo, popanda mbedza. Ndiye kuti pofuna kunamiza nsomba kamodzi, amayenera kuiuza zoona maulendo ochuluka. Nkhuyu zake zambiri ziyenera kukhaladi zopanda nyerere. Zimenezi ndimaziganizira kawirikawiri. Akale anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo carp imene yadya mwamtendere mlungu wonse ndiyo ili pafupi ndi mbedza. Palibe chifukwa chobisira kuti ichi ndi chinyengo. Koma ndi chinyengo chimene chimakakamiza munthu kuidziwa nsombayo: nthawi imene imadya, njira imene imadutsa pakati pa bango, zimene imaopa, mmene imasinthira mphepo ikasintha. Ndipo ndaona kuti munthu amene wachidziwa chamoyo motero sachigwira mwankhanza. Amanyowetsa manja asanaikhudze, amaigoneka pa kamphasa kofewa konyowa osati pamiyala, amachotsa mbedza mosamala, n'kuigwirizira m'madzi mpaka itapezanso mphamvu n'kuchoka yokha.

Kudyetsako kuli ndi malire, ndipo apa mpamene ambiri amalakwira dziwe limene amalikonda. M'dziwe lopanda potulukira, chilichonse choponyedwamo chimakhala momwemo. Anthu khumi, aliyense ndi ndowa yake, Loweruka lililonse, amatsanulira pansi chimanga chochuluka kuposa chimene nsombazo zingadye. Chotsala chimaola, poola chimadya mpweya wa m'madzi, ndipo chimanenepetsa ndere. Pofika Febuluwale madzi aphwera, atentha, mpweya wachepa, ndipo m'mawa wina nsomba zimapezeka zikupuma movutikira pamwamba, zina zitafa kale. Zazikulu zija, zimene zinapatsidwa maina, kawirikawiri ndizo zimayamba.

Nayonso carp ili ndi mlandu wake. Walira mvula, walira matope. Kadyedwe kake kovundula pansi kamasandutsa madzi oyera kukhala ofiirira, zomera za pansi n'kufa posowa kuwala, mbalame zodalira zomerazo n'kusamuka. Tinsomba ta kuno, monga Cape kurper ndi Cape galaxias, timene tinapanikizidwa kale ndi nsomba zina zobwera monga bass, timasowa pobisala ndi poswera. Wowedza m'madzi opanda mchere m'chigawo cha Western Cape amafunika kukhala ndi chiphaso cha bungwe loona zachilengedwe la CapeNature, ndipo kusamutsa nsomba yamoyo kuchoka pa damu lina kupita pa lina kumafunika chilolezo. Munthu amene amanyamula carp m'ndowa usiku kukaponya m'damu la pafupi ndi kwawo, kuti mawa asamayende mtunda wautali, akuchita chinthu chimene ana ake sadzatha kuchibweza.

Ku Zeekoevlei, imene ndi nyanja yachilengedwe yaikulu kuposa zonse mumzindawu, ndipo ili m'dera lotetezedwa la False Bay Nature Reserve limene mu 2015 linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, chaka chilichonse chakumapeto kwa Epulo amatsegula zitseko kuti madzi akale atuluke mvula ya dzinja la kuno isanadzazenso nyanjayo. Mu 2021 nyanjayi, pamodzi ndi Zandvlei ndi Rietvlei, inatsekedwa kwa miyezi chifukwa cha zonyansa za m'zimbudzi zimene zinalowa m'madzi. Nyambo za owedza si zimene zinachititsa zimenezo. Koma carp imapirira madzi amene nsomba zina sizingapirire, choncho kugwira yonenepa si umboni wakuti madziwo ali bwino.

Kwathu nsombayi tinaidziwako pang'ono. Inabwera mu 1976 kuchokera ku Israel, n'kuyesedwa m'maiwe a boma a ku Domasi ndi ku Kasinthula. Inkakula msanga kuposa makumba ndi chilunguni, ndipo alimi a nsomba anaikonda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linailetsa, poopa kuti ingadzalowe m'nyanja ya Malawi n'kukavundula pamchenga pamene chambo chimakonza zisa zake. Alimi ena amadandaulabe ndi chiletsocho, ndipo dandaulo lawo n'lomveka, pakuti dziwe la makumba limachedwa kubweza ndalama. Koma ine ndikaima m'mbali mwa madzi a kuno n'kuona mmene alili, ndimawamvetsa amene analetsa.

Pali funso lina limene limamveka pa madamu a m'mafamu a mphesa, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito. Mnyamata wongofika kumene, akaona mlendo wolipira pageti akubwezera m'madzi nsomba ya makilogalamu khumi atangoijambula, amatembenukira kwa mnzake. “Achimwene, ndiwo zonsezi akuzitaya? Nanga uchi ndi chimanga chija amathira chifukwa chiyani?” Wamkuluyo amangoti, “Ndi masewera awo, mphwanga, uzolowera.” Koma funsolo si la umbuli. Ndi la munthu amene akudziwa mtengo wa nsomba pamsika wa ku Limbe, ndipo akudziwa kuti chimanga chimene chamira m'damumo kwawo chikanakhala nsima ya masiku angapo. Pa dziwe lotsekeka la mwini wake kubweza n'koyenera, pakuti aliyense atati azitenga, dziwelo litha mwezi usanathe. Koma pa nyanja zachilengedwe, kumene carp ikuwononga, mnyamatayo ndiye akunena zoona.

Ku Groenvlei, pafupi ndi Sedgefield, makilomita pafupifupi 500 kum'mawa kwa Cape Town, carp inaikidwamo mozemba m'zaka za m'ma 1990, n'kudetsa nyanja imene inkadziwika ndi madzi oyera. Kumeneko tsopano amazichotsa, ndipo sagwiritsa ntchito nthochi kapena adyo; amazigwira ndi maukonde, zina amazilasa ndi mauta. Kuyambira mu 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, bungwe la Gift of the Givers, limene kwathu timalidziwanso pa nthawi za madzi osefukira, linagwirizana ndi CapeNature kuti nsombazo zizisungidwa mozizira n'kugawidwa kwa mabanja osowa a m'deralo. Ku Princess Vlei ndi ku Zeekoevlei aliponso anthu a m'madera oyandikana nawo, monga Grassy Park, Retreat ndi Lotus River, amene amawedza kuti akadye osati kuti ajambule. Ntchito yonga ya ku Groenvlei ndikanakonda kuiona kunonso, pakuti nsombazo zilipo zochuluka ndipo ofuna ndiwo ali pafupi. Koma madziwo ayenera kuyamba ayera, kufikira mayi wa ku Lotus River atha kukazinga carp ya ku Zeekoevlei n'kupatsa ana ake osakayika.